Moto ukutsalira m'mbuyo mwa chishango: kodi ndigule laputopu ina?

Funso lochokera kwa mnyamata wa ku Area 25: "Ndili m'gulu la achinyamata lovina ndi kuchita zisudzo kuno ku Lilongwe, ndipo tikukonzekera chionetsero cha mwezi wa Disembala. Tikufuna kuti wovina ingoma anyamule chishango choyera, pulojekita iziwalitsa moto pa chishangocho kulikonse kumene chapita. Ndalumikiza webcam ku laputopu, ndalemba kapulogalamu kotsata chishango, pulojekita tabwereka ku ofesi kwa amalume. Wovina akaima, zonse zimaoneka bwino zedi. Koma akangodumpha kapena kugwedeza mkono, moto umatsalira m'mbuyo, umagwera pakhoma kapena pamimba pake, kenako n'kumamuthamangira. Anzanga akuti vuto ndi laputopu, ndigule ya magemu. Ndalama yake ndi yambiri. Ndigule, kapena pali china chimene sindikuchiona?"

Achimwene, khazikani mtima pansi, ndipo ndalama ija isatuluke kaye m'thumba. Ngati moto ukukhala bwinobwino pa chishango wovina ataima, ndiye kuti ntchito imene imagonjetsa anthu ambiri, yogwirizanitsa diso la kamera ndi kuwala kwa pulojekita, mwathana nayo kale. Chatsala ndi vuto limene aliyense wogwira ntchito imeneyi amakumana nalo, kaya ali ku Area 25 kaya ku Tokyo: kuwala kumafika pamene chinthu chinali kanthawi kapitako. Ndayika mapulojekita m'maholo, m'matchalitchi ndi m'maukwati kwa zaka zambiri, ndipo mwa anthu amene anandibweretsera dandaulo longa lanuli, ndi ochepa kwambiri amene mankhwala ake anali kompyuta yatsopano.

Tiyambe ndi kasamu kakang'ono kuti tione kukula kwa mdani. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Chishango chikamayenda mita imodzi pa sekondi, milisekondi iliyonse yochedwa imasiya moto milimita imodzi m'mbuyo. Tiyerekeze kuti makina anu onse pamodzi akuchedwa ndi mamilisekondi 120: moto utsalira ndi masentimita 12. Wovina ingoma akakweza mkono mwaukali, liwirolo likhoza kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo apo ndi pamene moto umachokeratu pa chishango n'kukagwera pakhoma. Maso a munthu ndi akuthwa kwambiri pa zinthu zotere. Mu 2012 akatswiri ogwira ntchito ndi kampani ya Microsoft anapanga sikirini yoyesera yochedwa ndi milisekondi imodzi yokha, n'kumaonjezera kuchedwako pang'onopang'ono anthu akukoka kachithunzi ndi chala. Anapeza kuti anthu amazindikira kuchedwa ngakhale kwa mamilisekondi pafupifupi 6. Nambala imeneyi isakugwetseni mphwayi. Chala chimakhala pafupi ndi diso, pamene oonerera anu adzakhala mamita angapo kuchokera pomwe pakuvinidwa. Kwa ine, pa ntchito ya moto ngati yanuyi, mukatsika kufika pa mamilisekondi 50 anthu amayamba kukhulupirira zimene akuona, ndipo mukafika pa 30 palibe amadandaula.

Kuchedwaku sikukhala pamalo amodzi. Mukudziwa minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni: injini ikhoza kukhala yabwino, koma ikamaima pa siteji iliyonse kudikira munthu mmodzi, mufika mochedwa basi. Kamera imatsegula diso kwa kanthawi kuti isonkhanitse kuwala, imatumiza chithunzi pa chingwe cha USB, chithunzicho chimafola pamzere, pulogalamu yanu imasaka chishango, imajambula moto, khadi ya zithunzi imadikira nthawi yake yotumizira, pulojekita imachikonzakonza, kenako ndiye n'kuwalitsa. Pa masiteji onsewa, mphamvu ya laputopu imakhudza awiri okha, kusaka ndi kujambula. Kugula laputopu ya magemu musanayeze kuli ngati kusintha injini ya minibasi ija.

Choncho ntchito yoyamba ndi kuyeza, ndipo chida muli nacho m'thumba. Sinthani pulogalamu yanu kuti ikangoona kuwala kwa tochi, iwalitse bwalo loyera pakhoma. Tengani foni yokhala ndi slow motion mujambule zonse ziwiri pamodzi, tochi ndi khoma. Mafoni ambiri masiku ano amajambula zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi. Pa 240, chithunzi chilichonse ndi mamilisekondi pafupifupi 4.2. Werengani zithunzi kuyambira pamene tochi yayaka mpaka pamene khoma layera, n'kuchulukitsa. Bwerezani kakhumi, mulembe nambala yaing'ono, yaikulu ndi yapakati. Kusiyana kwa yaing'ono ndi yaikulu kuli ndi uthenga wakewake: kuchedwa kosasintha tikhoza kukulosera n'kukubweza, koma kuchedwa kodumphadumpha, lero 80 mawa 160, kumapangitsa moto kunjenjemera, ndipo kumeneko ndiye kumatopetsa maso kuposa kutsalira.

Kenako patulani pulojekita payokha. Ikani laputopu pa Duplicate kuti sikirini ndi khoma zizionetsa chimodzimodzi, tsegulani wotchi yowerenga mamilisekondi, mujambule zonse ziwiri pa chithunzi chimodzi. Kusiyana kwa nambala ziwirizo kukuuzani kuti pulojekita ikuchedwa motani poyerekeza ndi sikirini. Ndikukayikira kwambiri pulojekita ya amalumeyo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Mapulojekita a m'maofesi anapangidwira PowerPoint, kumene palibe amasamala ngati tsamba lafika mochedwa ndi kachigawo ka sekondi. Ambiri amalandira zithunzi 60 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi 16.7 pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndipo ena amasunga chithunzi chimodzi, ziwiri kapena zitatu m'mimba mwawo akuchikonza asanachitulutse.

Zambiri mwa zimenezi mukhoza kuzizimitsa osalipira kanthu. Lowani mu menyu muzimitse keystone, kaja kowongola chithunzi pulojekita ikapendekeka. Iimikeni mowongoka ndi manja, chifukwa kupotoza chithunzi kuti chigwirizane ndi chishango ikuchita kale ndi pulogalamu yanu. Zimitsani chilichonse chonena za kusalaza mayendedwe kapena kuchotsa phokoso la chithunzi. Ngati muli Game mode kapena Fast mode, yatsani. Fufuzani kukula kwenikweni kwa chithunzi cha pulojekitayo, nthawi zambiri za m'maofesi zimakhala 1024 x 768 kapena 1280 x 800, ndipo laputopu izitumiza chomwecho kuti pulojekita isavutike n'kukuza kapena kuchepetsa. Lumikizani ndi chingwe cha HDMI chimodzi cholunjika. Tizipangizo totumiza chithunzi pa Wi-Fi ndi timabokosi togawa chithunzi tichotseni, chifukwa kutumiza pa Wi-Fi pakokha kumaonjezera kuchedwa kooneka ndi maso. Mukamaliza kuyeza, bwezerani laputopu pa Extend kuti pulojekita ikhale sikirini yachiwiri payokha, pulogalamu idzaze sikirini yonse ya pulojekita, chaja ikhale yolumikiza, ndipo Windows muiuze kuti isasunge batire.

Ngati mutapeza kuti pulojekitayo ikudyabe mamilisekondi 50 kapena kuposa, apo ndiye pali poika ndalama, ndipo ngakhale apo yambani ndi kubwereka kapena kuchita hayala. Pali mapulojekita a magemu a makampani ngati Optoma ndi BenQ olandira zithunzi 240 pa sekondi, amene eni ake amati amachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 4 akamayenda pa liwiro limenelo. Pofunsa kwa ogulitsa, kuchedwa kumeneku kumatchedwa input lag, ndipo funsani kuti nambalayo ndi ya pa zithunzi zingati pa sekondi, poti pulojekita yomweyo pa 60 imachedwerapo. Pali kanthu kenanso koyenera kudziwa. Mapulojekita ambiri otsika mtengo ndi a mtundu wa DLP, amene mkati mwake muli tigalasi ting'onoting'ono tambirimbiri togwedera, luso limene Larry Hornbeck anatulukira ku Texas Instruments mu 1987. Okhala ndi chipu chimodzi amawalitsa mitundu mosinthana, wofiira, wobiriwira, wabuluu, mothamanga kwambiri. Pakhoma loima diso limaisakaniza. Pa chishango chothamanga, mtundu uliwonse umagwera pamalo pake, ndiye m'mphepete mwa chithunzi mumaoneka ngati utawaleza. Moto wofiirira kwambiri umabisa zimenezi kuposa woyera.

Tsopano kamera, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya nthawi osadziwa. Webcam wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi, mamilisekondi 33 pakati pa chithunzi ndi chinzake. Koma mu holo mukazimitsa magetsi kuti moto uoneke, kamerayo imaona mdima, ndiye payokha imatalikitsa nthawi yotsegula diso, ndipo zambiri zimatsika kufika pa zithunzi 15 pa sekondi. Apo mwataya kale mamilisekondi 66 musanayambe n'komwe, komanso chishango chimaoneka chopakika ngati wina wachikhula ndi chala, moti pulogalamu imalephera kudziwa pakati pake. Mumayesa masana zikuyenda, usiku wa chionetsero zikukana, inu n'kumadabwa kuti chasintha n'chiyani. Zimitsani auto exposure, kaja kosankha kokha nthawi yotsegula diso, ikani pa manja, nthawi yotsegula diso ikhale yaifupi, mamilisekondi 5 kapena kucheperapo. Zimitsaninso autofocus.

Mukachita zimenezi chithunzi chida bii, ndipo mufunsa kuti kamera iona bwanji. Yankho lake limathetsanso vuto lina limene mwina mwaliona kale: moto umene mukuwalitsa umasokoneza pulogalamu yotsata chishango, chifukwa mtundu wa chishango umasintha moto ukagwerapo, kamera n'kumathamangitsa kuwala kwa pulojekita komweko. Njira yake ndi kupatsa kamera kuwala kumene anthu sakuona. Magetsi a infrared, aja ozungulira diso la kamera za CCTV, amapezeka m'masitolo ogulitsa makamera achitetezo, ndipo ambiri ndi a 850 nm, nambala yosonyeza mtundu wa kuwalako. Aikeni pafupi kwambiri ndi diso la kamera yanu. Pa chishango matanipo tizidutswa ta tepi yonyezimira, ya mtundu uja uli pa majekete a akabaza ndi kumbuyo kwa malole. Tepi imeneyi imabweza kuwala komwe kwachokera, n'chifukwa chake magetsi ayenera kugundana ndi kamera. Tizidutswa tinayi ndito tochepetsetsa kuti pulogalamu idziwe m'mene chinthu chafulati chapendekekera, koma ikani tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, poti dzanja kapena chibonga cha wovina chidzaphimba kena.

Kamera nayo iyenera kuona infrared yokha. Ma webcam ambiri ali ndi kagalasi kotchinga kuwala kumeneku, kamene kamachotsedwa mosamala, ndipo m'malo mwake mumaika chotchinga kuwala kooneka. Akale timagwiritsa ntchito kachimbale kakuda ka mkati mwa floppy kapena chidutswa chakuda cha filimu ya kamera yotsukidwa, ndipo zimagwira ndithu. Kamera yakale ya PlayStation 3 Eye imakondedwa pa ntchito zotere chifukwa imajambula zithunzi 60 pa sekondi pa 640 x 480, ndi 120 pa 320 x 240. Musaope chithunzi chaching'ono. Mukusaka timadontho towala pa mdima, osati nkhope ya mkwatibwi, ndipo chithunzi chaching'ono chimadutsa msanga pa chingwe, pulogalamu n'kuchimaliza m'kanthawi kochepa ngakhale pa laputopu yakale. Mukadzapeza ndalama, funani kamera ya global shutter, imene imajambula chithunzi chonse nthawi imodzi. Zotsika mtengo zimajambula mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndiye chinthu chothamanga chimaoneka chopindika.

Kumbukiraninso kuti magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira ka 100 pa sekondi. Diso siliona, koma kamera yotsegula diso kwa kanthawi kochepa imaona mizere yoyenda. Magetsi a infrared oyendera adaputala yabwino alibe vuto limeneli, chomwe ndi chifukwa china chowakondera.

Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka china pa holo ina muno mu mzinda. Mtsikana wina waluso anali atalemba pulogalamu yake mu chilankhulo cha Python ndi OpenCV, zida zolembedwa kale zothandiza kompyuta kuona zithunzi, yowalitsa maluwa pa ambulera yoyera. Poyamba kuyatsa zinkayenda bwino, koma pakangopita masekondi angapo maluwa ankayamba kutsalira kwambiri. Iyenso anali atauzidwa kuti laputopu yafooka. Titafufuza tinapeza kuti kamera inkatumiza zithunzi 30 pa sekondi pamene pulogalamu inkamaliza zocheperapo pang'ono. Zotsalazo zinkafola mu buffer, malo amene zithunzi zimadikirira, mpaka kudzaza, moti nthawi zonse pulogalamu inkagwira chithunzi chakale, zatsopano zili pambuyo kudikira. Pa chigayo lamulo lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kugayitsa ndi labwino. Pa ntchito yathu ndi loononga, chifukwa chithunzi chofika kumene ndicho chokha chili ndi phindu, zakale zonse zitayidwe. Tinalemba thread yapadera, kachigawo ka pulogalamu koyenda pakokha, yomangowerenga kamera mosalekeza n'kusunga chithunzi chomaliza chokha, ndipo kuchedwa kunatsika ndi mamilisekondi oposa 100 pa laputopu yomweyo. Kayang'aneni zimenezi mu pulogalamu yanu usiku womwe uno.

Msampha wina ndi umene timadzitchera tokha. Moto ukamanjenjemera, munthu amaganiza zotenga malo a chishango a zithunzi khumi zapitazi n'kupeza pakati pake kuti zisalale. Zimasalaladi, koma pakati pa zithunzi khumi ndi kumbuyo ndi zithunzi zinayi ndi theka, ndipo pa kamera ya 30 amenewo ndi mamilisekondi 150 amene mwaonjezera ndi manja anu. Ngati munachita zotere, chotsani. M'malo mwake funani njira yotchedwa One Euro Filter, imene inafalitsidwa mu 2012. Imasalaza kwambiri chinthu chikamayenda pang'onopang'ono, pamene kunjenjemera kumaonekera, ndipo imamasula chikamathamanga, pamene kutsalira kumaonekera. Ndi mizere yochepa chabe ya pulogalamu, ndipo imapezeka yolembedwa kale m'zilankhulo zambiri za kompyuta.

Pa kujambula moto ndinena mwachidule. Musamaupange mwatsopano pa chithunzi chilichonse mutadziwa kale pomwe chishango chili. Moto ukhale wokonzeratu ngati vidiyo yozungulira, ndipo ntchito yomaliza penipeni, chithunzi chitatsala pang'ono kutumizidwa, ikhale kufunsa kuti chishango chili pati tsopano n'kupotozera motowo pamenepo. Kupotoza kotere ndi kopepuka kwa khadi ya zithunzi iliyonse. Yesaninso kuzimitsa V-Sync, kaja kochititsa khadi ya zithunzi kudikira nthawi yake yotumizira. Chithunzi chikhoza kumang'ambika pakati mwa apo ndi apo, koma pa malawi a moto palibe angazindikire.

Zonsezi zikachitika, kuchedwa kwina kumatsalabe, ndipo apa ndi pamene kulosera kumalowa. Mwana wodziwa legeni akaona njiwa ikuuluka amaloza patsogolo pake, mwala ndi mbalame n'kukumana. Inunso mukadziwa kuti makina anu amachedwa ndi mamilisekondi 40, ndipo chishango chikupita kumanja pa liwiro lakutilakuti, mumawalitsa moto pamene chidzakhale pakatha mamilisekondi 40. Chida chodziwika pa ntchitoyi ndi Kalman filter, ya Rudolf Kalman ya mu 1960, ndipo mu OpenCV ilimo kale. Koma ndikuchenjezeni, chifukwa ambiri amathamangira kuno asanachepetse kuchedwa kwenikweni. Njiwa imauluka molunjika, pamene wovina ingoma amaponda pansi mwamphamvu n'kuima dzidzidzi. Nthawi imeneyo moto wolosera umapitirira chishango, kenako n'kubwerera, ndipo maso amadana ndi kupitirira kuposa kutsalira, chifukwa palibe chinthu m'chilengedwe chimene chimatsogolera mwini wake.

Masamu ake ali chonchi: cholakwika chobwera chifukwa cha kusintha liwiro chimakula mowirikiza nthawi yolosera ndi iyo yomwe. Mukachepetsa nthawiyo ndi theka, cholakwikacho chimachepa kanayi. N'chifukwa chake kulosera mamilisekondi 30 kumagwira bwino, pamene kulosera 120 kumapangitsa moto kupenga. Ine ndimakonda kulosera gawo chabe, mwina magawo awiri mwa atatu a kuchedwa kumene ndayeza, chotsalacho n'kuchisiya. Ikani kanambala kameneka poti mukhoza kukasintha wovina akuvina, mukakweze pang'onopang'ono mpaka muone moto wayamba kupitirira, ndiye mubwerere m'mbuyo pang'ono. Amene amakonda zolumikiza mawaya akhoza kumata kachipangizo komva kuyenda ka MPU-6050 ndi kakompyuta kakang'ono ka ESP32 kuseri kwa chishango. Kamamva kugwedezeka kambirimbiri pa sekondi, ndiye kamadziwa kuti mkono waima kamera isanaone. Pakokha kamasokera pakapita nthawi, choncho kamayenera kuyendera limodzi ndi kamera. Koma zimenezi ndi za chionetsero chotsatira, osati cha Disembala uno.

Kuti mudziwe pamene anzathu afika: luso lopenta zinthu ndi kuwala kwa pulojekita linatchuka ndi ntchito ya Ramesh Raskar ndi anzake ku University of North Carolina cha mu 2001, ndipo kuyambira nthawi yomweyo zinthu zoyenda zinali mutu wopweteka. Mu 2015 gulu la Masatoshi Ishikawa ndi Yoshihiro Watanabe ku University of Tokyo linaonetsa pulojekita yotchedwa DynaFlash, yowalitsa zithunzi 1,000 pa sekondi, yochedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 3, yoyendera limodzi ndi kamera yothamanga chimodzimodzi. Pa makina amenewo chithunzi chimaoneka ngati chosindikizidwa pa pepala limene munthu akugwedeza. Gulu lomwelo linali litayesa kale njira ina, ya tigalasi tiwiri tothamanga towongolera kuwala kwa pulojekita kuti kuzitsatira mpira uli m'malere. Chimene ndimatolapo ine pa ntchito zawo n'chakuti anathera mphamvu zawo pa kamera ndi pulojekita, mbali ziwiri zomwezo zimene ndakuuzani kuti muyambire.

Muli ndi mwayi umodzi umene mwina simunauone: mwasankha moto. Nyamulani chikuni choyaka usiku muthamange nacho, muona malawi akutsalira m'mbuyo. Maso athu anazolowera zimenezo, ndiye moto wochedwa pang'ono umaoneka weniweni. Mukanasankha malemba kapena nkhope, sentimita iliyonse ikanaonekera. Gwiritsani ntchito mwayiwu. Moto usadzaze chishango mpaka m'mphepete, siyani mpata wa zala zinayi kapena zisanu mozungulira, ndipo m'mphepete mwa malawi muzizimirira pang'onopang'ono. Kumbuyo kwa wovina pachikani nsalu yakuda, patali ndithu, kuti kuwala kophonya kusapeze pogwera. Penti ya chishango ikhale yoyera yosanyezimira. Kamera ikhale pafupi ndi diso la pulojekita m'mene mungathere, pamwamba pake penipeni, kuti wovina akamasendera kutsogolo kapena kumbuyo moto usasunthire pambali. Mukhozanso kuuza pulogalamu kuti chishango chikathamanga kwambiri moto uchepe mphamvu ngati wakupizidwa ndi mphepo, chikaima ulilime. Pamenepo cholakwika chachikulu chimachitika nthawi imene kuwala kwachepa.

Khalaninso pansi ndi wovina wanu. Ingoma ili ndi mphindi zimene chishango chimaima njii patsogolo pa chifuwa, ndipo pamenepo ndi poika zokongola zonse. Sindikunena kuti gule afooke pofuna kusangalatsa makina, ayi, gule ndiye mwini bwalo. Ndipo ngati masiku atha zinthu zisanakhazikike, pali njira imene magulu akuluakulu amagwiritsa ntchito popanda manyazi: kujambuliratu moto woyenda motsatira nyimbo, wovina n'kuphunzira kuutsatira, malo oponda atalembedwa pansi ndi tepi. Apo kamera palibe, kuchedwa palibe, koma pamafunika kuyeserera kwambiri. Konzani njira imeneyi ngati yopulumukira ngakhale ina ija itayenda.

Za ngozi, yoyamba ndi maso. Wovina adzayang'anizana ndi pulojekita, choncho pulogalamu isamawalitse kanthu pamwamba pa mapewa ake, ndipo ikataya chishango, moto uzime m'malo moyendayenda. Ndi pulojekita ya laser samalani koposa, munthu asayang'ane m'diso lake ali pafupi. Magetsi a infrared nawo ali ndi chinyengo: poti diso silikuwaona, siliphethira, ndiye musawayang'anitsitse pafupi powayesa. Moto usamathwanime mwamphamvu koposa katatu pa sekondi, chifukwa kuthwanima kotere kukhoza kuyambitsa khunyu mwa anthu ena. Wina akamva maso kupweteka kapena akamaona madontho osachoka pambuyo poyeserera, apite kuchipatala osadikira. Dziwaninso kuti dzuwa, makandulo ndi mababu akale otentha aja amatulutsa infrared yambiri, ndiye kayeseni mu holo yeniyeniyo, pa ola lenileni la chionetsero, magetsi ake onse atayaka. Disembala ndi nyengo ya mvula ndi ziphaliwali. Pezani UPS kapena inveta, makamaka ngati pulojekita ya amalumeyo ndi ya babu, chifukwa magetsi akazima mwadzidzidzi fani imaima babu likadali lotentha, ndipo moyo wake umafupika. Katundu wobwereka ameneyo. Zolumikiza jenereta ndi mawaya a holo musiyire wodziwa zamagetsi.

Funani thandizo lina ngati mwachita zonsezi koma muyeso ukadali pamwamba pa mamilisekondi 100, kapena ngati mwaganiza zowalitsa pa nkhope kapena pa chitenje chopepeluka, chifukwa chinthu chosintha maonekedwe chimafuna masamu ena ndi kamera zothamanga. Kuno ku Lilongwe achinyamata olemba mapulogalamu amakumana ku malo ngati mHub, ndipo ophunzira za kompyuta ndi zamagetsi a ku MUBAS, MUST ndi UNIMA ambiri amakhala ali kwawo pa tchuthi. Wina wodziwa OpenCV akakhala nanu madzulo amodzi akhoza kuona mzere umene inu mwauyang'ana kambirimbiri osauona.

Laputopu ya magemu ija mugule pokhapokha mutayeza nthawi imene pulogalamu ikutenga kuyambira pamene yalandira chithunzi mpaka pamene yamaliza kujambula, n'kupeza kuti ikupitirira mamilisekondi 16 ngakhale mutachepetsa chithunzi ndi kusaka timadontho tokha, kapena ngati mwapeza pulojekita ya 240 koma potulukira HDMI pa laputopu yanu sipakutha kutumiza liwiro limenelo. Mundilemberenso mutayeza, munditumizire nambala zitatu: kuchedwa konse kwa tochi ija, kusiyana kwa pulojekita ndi sikirini, ndi zithunzi zimene kamera ikutulutsa pa sekondi magetsi a mu holo atazima. Mundiuzenso dzina ndi nambala ya pulojekitayo, zolembedwa pa kapepala ka pansi pake.